Mbiri ya Kachiwala, Amene Kamera Inawasiya Pansi

Malemu akulu angawa anabadwa pa 9 Meyi 1976, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa shopu imene bambo athu ankakonzeramo mawailesi. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana atatu: iwowo, achimwene athu amene anatisiya kale, ndi ine mzime amene ndaima pano. Atangoyamba kuyenda sankakhazikika. Ankalumpha kuchoka pa mpando kukatera pa tebulo la mawailesi a eni ake, mpaka bambo anawatcha Kachiwala. Dzina limeneli mulisunge, anamfedwa anzanga, chifukwa ndilibwereranso.

Abusa, akuluakulu ndi nonse mwabwera kudzatipepesa, ndikuona kuti ena mwadabwa kuti mbiri ikuwerengedwa ndi ine m'malo mwa amalume. Amalume analembadi pepala lawo. Ndaliwerenga m'mawa uno. Likuti malemu anabadwa, anaphunzira, anakwatiwa, anagwira ntchito m'maofesi osiyanasiyana, anadwala, anamwalira. Basi. Mulibe gule, mulibe filimu, ngati kuti tikuika munthu wina wake amene tinangomutola pamsewu. Ndawapempha amalume mwaulemu kuti akhale pansi apume, ndipo pepala lawo ndalipinda, lili m'chikwama changa.

Mayi athu ankavinitsa odwala. Ndikweze mawu kuti akumbuyoko mumve, poti ena mwakhala mukunong'onezana nkhaniyi zaka zonsezi ngati ndi mphere. Munthu akasweka mtima, osadya, osagona, kuchipatala osamupeza ndi kanthu, abale ake ankabwera naye pabwalo la kuseri kwa shopu. Ng'oma zinkalira, iye n'kuvina mpaka mizimu itamutenga, n'kugwa pansi osadziwanso kanthu. Apo ng'oma zinkaleka, n'kuyamba ntchito ya woitana. Woitana ankakhala wachibale amene anakula naye limodzi, wodziwa dzina lake la paubwana. Ankagwada pambali pake, kumufunditsa nsalu, kumupukuta kumaso ndi madzi, n'kumamuitana ndi dzina lija modekha mpaka ataphethira, kukhala tsonga, n'kuimirira yekha. Mayi ankanena kawirikawiri kuti kugwa ngakhale woledzera amagwa, koma guleyo ntchito yake ndi kudzutsa munthu.

Mu 1982 malemu anayamba sukulu ya pulayimale. Anali anzeru, komanso a mkamwa mwachangu. Anzawo ankawanena kuti mwana wa mfiti, iwo n'kumayankha ndi chikwama cha mabuku, mwakuti bambo anatopa n'kuitanidwa kwa ahedi. Mu 1990 anasankhidwa kupita ku sekondale.

Mu 1992 achimwene athu anagundidwa ndi galimoto akuchokera kusukulu, n'kumwalira. Malemuwa analeka kudya, analeka kuyankhula, anangotsala mafupa. Chaka chotsatira mayi anawalowetsa m'bwalo. Anavina, anagwa, ndipo woitana ndinali ine. Beseni la madzi anagwira ndi amalume omwewa, nthawi imeneyo asanayambe kuchita manyazi ndi mlongo wawo. Ndinaitana mpaka mawu anandiuma. Atatsegula maso anandiyang'ana, n'kufunsa ngati wina waanula yunifolomu yawo pa chingwe chifukwa kunja kukuoneka mvula. Tonse tinaseka tikulira, ndipo tsiku lomwelo anadya. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse akadzuka m'gule ankayamba ndi funso la zii ngati limenelo: makiyi ali kuti, ndani wasiya mpopi wotsegula, mwana wamwa mankhwala kodi.

Mu 1996 anapita ku koleji kukaphunzira zisudzo ndi kujambula mafilimu. Mu 2000 analembedwa ntchito pa kampani yopanga zotsatsa malonda za pa kanema. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi alamu angawa, katswiri wa zamagetsi, amene anabwera kudzakonza nyale n'kuima kutsogolo kwa kamera osadziwa. Malemu anawakalipira ngati mwana. Alamu anapepesa, mawa lake n'kubweranso kudzakonza nyale yosawonongeka. Anamanga banja pa 17 Ogasiti 2002, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Mu 2009 mayi athu anamwalira. Maliro asanathe n'komwe, achibale ena, ndipo muli pano, sindikulozani chala, anatenga nsalu za mayi n'kuziotcha kudzala, ng'oma n'kuzitaya, ati akuyeretsa nyumba. Chaka chomwecho malemu anaonera pa kanema pulogalamu ina ya magule ngati athuwa. Munali maso otembenuka okhaokha, thovu kukamwa, anthu akugubuduka m'fumbi, ndi nyimbo zoopseza ana. Palibe ngakhale mmodzi amene anamuonetsa akudzuka. Anandiimbira foni mwaukali, akuti otiotchera nsalu ndi otijambula aja nzeru zawo n'zimodzi, onse amaona munthu ali pansi n'kutembenuka. Mu 2011 anasiya ntchito, akuti atopa kuuza azimayi kuti amwetulire sopo.

Kuyambira chaka chimenecho anayamba kupanga mafilimu awoawo. Ndisakunamizeni kuti onse ndinkawamva. Analibe nkhani ya chikondi, analibe ndewu. Ina inali ya mapazi okhaokha akuvina pa masitepe a ofesi, anthu a mataye akudutsa. Ina anajambulira m'chipinda chochapira zovala, ng'oma zikupikisana ndi makina. Ina anabwera pa shopu yanga, poti ine ndine telala, n'kunena kuti makina anga osokera ndiwo akhale ng'oma. Ndinapalasa makinawo tsiku lathunthu opanda ulusi, makasitomala akubwerera pakhomo, ine ndikudandaula, iwo akungoseka. Ankati gule wa mayi sanali wa pabwalo lokha, chifukwa anthu osweka mtima masiku ano ali m'maofesi, m'mabasi ndi m'nyumba zalendi. Mafilimuwa ankaonetsedwa m'maholo ang'onoang'ono, oonera n'kukhala ochepa, koma ena ankatuluka akupukuta misozi.

Mu 2021 anayamba filimu imene ankaitcha ntchito ya moyo wawo. Anabwereka nyumba yakale yosungiramo mipando, ya simenti pansi ndi malata odontha. Alamu anamangirira nyale kudenga. Ine ndinasoka diresi loyera lopanda chokongoletsa chilichonse. Anapeza oimba ng'oma awiri amene anagwirapo ntchito ndi mayi. Wovina anali iwo eni, chifukwa anati sangagwetse mwana wa munthu wina pofuna chithunzi. Cholinga chawo chinali chimodzi ndipo ankachinena kwa aliyense: kugwa kukhale kwakufupi, kudzuka kukhale kwakutali. Ankafuna anthu akhale mu holo n'kudikira limodzi ndi woitana, aone chikope chikuyamba kugwedera, dzanja likufunafuna pansi, bondo likupindika, munthu n'kuima n'kufunsa za makiyi.

Koma munthu sangakhale kuseri kwa kamera ndi kutsogolo kwake nthawi imodzi, makamaka amene mizimu yamutenga. Choncho anafuna mnzawo wogwira kamera. Anapeza bambo amene aima apowa, pafupi ndi tenti, amene tonse timawatcha a Chipewa chifukwa chipewa chawocho sachivula, ngakhale lero pamaliro. Anali odziwika pojambula mavidiyo a nyimbo, ndipo kamera yabwino anali nayo ndi iwo. Anagwirizana kuti filimuyo ikhale ya awiri. Tsiku loyamba malemu anawauza pamaso panga, pamaso pa alamu ndi oimba ng'oma, kuti kamera isazimitsidwe kufikira iwo ataimirira ndi kuyankhula. A Chipewa anavomera ndi mutu, n'kunena kuti amayi musadandaule, ntchito timaidziwa.

Tinajambula chaka chonse cha 2022, Loweruka lililonse limene malemu anali ndi mphamvu. Gule ameneyu si masewera. Ankagwa pa simenti ndi thupi lonse, mawondo kutupa, phewa kuguluka. Ine ndikagwada kuitana, kamera inkakhala kumbuyo kwanga, maso anga ali pa nkhope ya akulu anga, poti woitana sacheuka. Alamu sankatha kupirira kuona akazi awo ali chigonere, ndiye ng'oma zikaleka ankatuluka panja kudzera kukhomo lakuseri. Tsiku lina malemu anachedwa kutsitsimuka mpaka ine mtima unandithawa. Atadzuka anandifunsa ngati ndinawabwezera sizasi yawo, ndipo ndinalira ndi kuseka ngati mwana. Pobwerera kunyumba anati limenelo ndiye likhale mathero a filimu.

Mu Febuluwale 2023 anakhala pa kompyuta kuti ayambe kulumikiza zithunzi. Anandiitana kuti tidzaonere limodzi m'kachipinda kawo kogwirira ntchito. Tinatsegula chidutswa choyamba. Ng'oma, kuvina, kugwa, mdima. Chachiwiri chimodzimodzi. Tinatsegula zonse mpaka chomaliza, ndipo chilichonse chinkathera pamene mutu wawo wafika pansi. Chaka chathunthu, anthu inu! A Chipewa ankati malemu akangogwa, iwo n'kudina batani, n'kupita pakhomo kukasuta fodya. Kudzuka konse kuja, sizasi ija, kunalibe ngakhale kamphindi.

Malemu sanakuwe. Anangowaimbira foni n'kuika pokweza kuti nanenso ndimve. A Chipewa anayankha mosatekeseka kuti dzanja linazolowera, pa mavidiyo a nyimbo wovina akamaliza umadula. Anati ankasunganso batire. Ndipo anawonjezera mawu amene sindidzawaiwala mpaka nane mudzandiike: akuti pamenepo panalibe chojambula, panali mzimayi wina akungoitana munthu ndi beseni la madzi. Mzimayi winayo ndine, bambo. Ndaima pano.

Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ndipo zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikungolira osakalipa. Malemu anawapempha kuti asaonetse kanthu kwa munthu kufikira tijambulenso. Iwo anavomera pakamwa. Koma poti zithunzi zonse anali nazonso kwawo, analumikiza okha filimu yawo, kugwa pamwamba pa kugwa, n'kuikamo nyimbo zoopsa zija, n'kuitumiza ku mpikisano wa mafilimu kunja. Kumeneko inayamikiridwa. Pa chikwangwani chake anaikapo nkhope ya akulu anga, maso atatembenuka, pakamwa pali yasa. Chinthu chomwe chija anasiyira ntchito kuti athane nacho, chinatuluka ndi dzina lawo pamwamba.

Mu Seputembala chaka chomwecho kachidutswa kake kanayamba kuzungulira m'mafoni. Ambiri a inu munakalandira, ndipo ena munakatumiza kwa anzanu ndi tizithunzi toseka. Achibale ena munati mwaonatu, ziwanda za amake zija zamulowa. Mwana wawo wamkaziyu anakaonetsedwa kuntchito ndi anzake pa nthawi ya nkhomaliro. Malemu, munthu amene sankaopa aliyense, analeka kupita kumsika, n'kumatuma ana. Palibe mmodzi wa inu amene anabwera kudzafunsa kuti kodi atagwa chotero anadzuka bwanji.

Mu Novembala 2023 anayamba kupuma mobanika ndi kutupa miyendo. Adokotala anapeza kuti mtima wawo wakula, ndipo anawaletsa ntchito yolemetsa, kuvina ndiye osayerekeza. Sindikunena kuti filimu ndiyo inawadwalitsa. Ine si dokotala, ndine telala. Koma ndikunena kuti munthu wodwala mtima sayenera kudzuka m'mawa uliwonse n'kupeza nkhope yake ili pansi m'foni ya aliyense.

Ngakhale analetsedwa, anaumirira kuti avine kamodzi kokha, kotsiriza, kuti ajambule kudzuka. Alamu anakana, ine ndinakana, koma amene munawadziwa mukudziwa kuti kuwakaniza kunali kutaya nthawi. A Chipewa analonjeza kubwera pa 16 Malichi 2024. Tsikulo tinasesa nyumba ija, alamu anayatsa nyale, oimba ng'oma anafika, malemu anavala diresi loyera lija nditalibweza m'chiuno chifukwa anali atawonda. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako panabwera uthenga wa pafoni wa a Chipewa woti pepani, ali pa bwalo la ndege, aitanidwa kukalandira mphoto.

Mwana wa malemu wamkaziyu anati ajambula ndi foni yake, zikhale zikhale. Ng'oma zinayamba. Malemu anavina pang'ono, kenako anagwira pachifuwa n'kukhala pansi. Ine ndinathamanga ndi nsalu, n'kugwada, n'kuyamba kuitana monga mwa nthawi zonse. Anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Usavutike, mng'ono wanga, sindinapite. Uwu ndi mtima." Tinawanyamula pa mpando kupita nawo ku galimoto, ndipo sanavinenso.

Kuchokera pamenepo akhala akulowa ndi kutuluka m'chipatala. Mu Juni chaka chino anagonekedwa komaliza. Lachiwiri lapitali ndinali pambali pa bedi lawo ndikuwadzoza mafuta kumapazi. Anandiuza kuti imfa sakuiopa, chimene chikuwapweteka n'chakuti adzukulu awo akadzafuna kuwadziwa adzapeza mzimayi wogubuduka pa simenti. Mawu awo omaliza kwa ine anali akuti: "Musandisiye pansi." Anatisiya Lachitatu m'mawa, pa 9 Julaye 2025, ali ndi zaka 49.

Dzulo a Chipewa anafika pano ndi nkhata ya maluwa yaikulu kuposa zonse, ndi kamera. Anapita kwa amalume kukapempha kuti ajambule mwambo wa maliro, akuti bokosi likamatsikira m'manda ndiye adzakhala mathero abwino a filimu yaitali imene akukonza. Amalume, amene safuna mawu oti filimu amveke m'mbiri, anavomera chifukwa anapemphedwa ndi munthu wa mphoto. Mwamva bwino? Anawajambula akugwa chaka chonse, sizinawakwane, lero abwera kudzawajambula akutsikira pansi penipeni. Nditamva, ndinafuna kuitenga kamerayo n'kuiponya m'mphika wa madzi otentha, ndipo amene anandigwira ndi alamu.

Takhala pansi ngati banja, alamu, ana ndi ine, ndipo tagwirizana izi. Bokosi silijambulidwa. Manda sajambulidwa. Theka la filimuyo ndi la malemu, tsopano lili m'manja mwa ana awo, ndipo sidzaonetsedwanso kulikonse pokhapokha itathera pa chimene chichitike pano posachedwapa, chonse, osadulapo kanthu. A Chipewa, ndaona mwayamba kutsitsa kamera. Ayi, ikwezeni. Iyatseni, muloze kuno. Ngati batire ili yochepa nenani, alamu ali ndi chingwe.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mdzukulu mmodzi amene akuyamba kumene kukwawa, amalume, ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso mafilimu asanu ndi awiri athunthu, ndi imodzi yopanda mathero.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mopanda kunyinyirika. Ndikuthokoza abusa amene anabwera kuchipatala osafunsa za ziwanda, amayi amene mwakhala pamoto masiku onsewa, anyamata amene mwakumba manda, ndi oimba ng'oma awiri aja amene sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Ndikuthokoza aneba amene munafufuta kavidiyo kaja osakatumiza kwa wina. Enanu mukudzidziwa, ndipo zikomo yanu mukaipeza kwa Mulungu.

Tsopano ndigwire ntchito yanga komaliza. Kuyambira 1993 sindinalepherepo kuwadzutsa. Lero ndikudziwa kuti sadzuka, sindinapenge. Koma kudzuka kwawo alipo anthu pano amene anakuona ndi maso, ndipo alipo amene anadzutsidwa pabwalo la mayi athu, ngakhale lero mumavala masuti n'kumakana. Ndikaitana, aliyense amene anaonapo malemuwa akuimirira, kapena amene anaimitsidwapo ndi gule ameneyu, aimirire m'malo mwawo. Osathamanga. Iwo ankafuna kuti kudzuka kukhale kwakutali.

Kachiwala. Kachiwala, bwera kuno, tikukudikira. Kachiwala.

Mwana wawo wamkazi waimirira. Mchimwene wake nayenso. Alamu, zikomo, lero simunatuluke panja. Oimba ng'oma, ndakuonani. Mayi inu a mpango wakuda kumbuyoko, ndikukukumbukirani, munabwera pabwalo mutanyamulidwa. Amalume, nanunso. Beseni lija munagwira ndinu, ndipo za yunifolomu munaseka koposa tonse. Gwirani ndodo yanu, tikudikirani, sitikufulumira.

Akulu anga, yunifolomu tinaanula, mpopi tatseka, sizasi yanu ndapatsa mwana wanu. Palibenso chokudzutsirani. Gonani, mzimu wanu uuse mumtendere.

A Chipewa, chotsani chala pa batanipo. Kumbuyo uko kudakali anthu amene akudzuka.